Kope la thiransifoma ya pa pulazi

Olemba mbiri ya mapulazi a ku Mashonaland amakonda kuwerenga mahekitala, mabelo a fodya ndi malamulo a malo. Sindinaonepo amene anaimako kaye pansi pa chithanki chotuwa chija chimene chimakhala pa mapolo awiri kuseri kwa mabalani, chikung'ung'udza usana ndi usiku. Komatu popanda icho pampu sikanakoka madzi ku damu, chigayo sichikanalira, ndipo tirigu wothirira m'nyengo yozizira sakanamera. Dzina lake ndi thiransifoma. Ine ndinakulira pafupi nayo, pa pulazi ina m'boma la Goromonzi, kum'mawa kwa Harare, ndipo ntchito yanga mpaka lero ndi yoyeza mathiransifoma kuti ndidziwe ngati ali bwino, akudwala, kapena atsala pang'ono kupsa. Inu a ku Malawi mumati esiteti kapena famu; ife kuno timati pulazi, ndipo kumene kunkagona antchito timati ku komboni.

Ndiyambe ndi mmene tinapezekera kumeneko, chifukwa wina angadabwe kuti Chichewa chikufuna chiyani m'dziko la Ashona. Lamulo logawa malo la 1930, Land Apportionment Act, linadula dera la Goromonzi pawiri. Eni nthaka anawasiyira madera monga Chikwaka ndi Chinamhora, pamene malo abwino otsatira njanji ndi msewu wa ku Mutare, kudutsa Ruwa, Melfort ndi Bromley, anakhala mapulazi a azungu. Dothi la kumeneko ndi lamchenga, lochokera ku miyala ikuluikulu imene ili mbwee m'derali, ndipo fodya wa Virginia amalikonda. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Britain inalibe madola okwanira ogulira fodya ku America, choncho inatembenukira ku Southern Rhodesia. Fodya anafuna manja ambiri, ndipo Ashona amene anali ndi minda yawo sankathamangira malipiro a pa pulazi. Manjawo anachokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia.

Boma la Southern Rhodesia linali ndi malole onyamula anthu ofuna ntchito osalipira, amene anthu anawatcha Ulere, komanso kunali bungwe lolemba anthu ntchito limene kwathu linkadziwika kuti Mthandizi. Msewu wochokera ku Tete umalowa pa Nyamapanda, kudutsa Mutoko ndi Murewa, ndipo usanafike ku Harare umadutsa pa Juru, m'boma la Goromonzi lomwelo. Ambiri amene ankati akupita ku Halale, monga ankatchulira akuluakulu, sanauone n'komwe mzindawo. Anathera pa pulazi. Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950 ali ndi maganizo obwerera ndi njinga ndi bulangeti. Kwawo anawaika m'gulu la matchona. Kuno Ashona ankatitcha mabhurandaya, ngati kuti tonse tinachokera ku Blantyre.

Magetsi anafika m'mapulazi nthawi imodzimodziyo ndi anthu athu. Boma linakhazikitsa Electricity Supply Commission mu 1936 kuti ipereke magetsi ku migodi, m'matauni ang'onoang'ono ndi m'mapulazi, pamene mizinda ngati Salisbury ndi Bulawayo inali ndi nthambi zawozawo za magetsi. Koma chimene chinasintha zinthu ndi damu la Kariba, limene linamangidwa kuyambira 1955 mpaka 1959 ndi kutsegulidwa mu Meyi 1960 ndi amayi ake a Mfumukazi Elizabeth. Inali ntchito ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, koma Nyasaland sinalandireko ngakhale nthambo imodzi. Malawi anadikira mpaka 1966 kuti aone magetsi a pa Nkula. Ana a Nyasaland amene anali m'mapulazi anawaona magetsi a Kariba akudutsa pamwamba pa mitu yawo. Pa pulazi yathu nthambo zinkapita ku nyumba ya mzungu, ku wekishopu, ku mabalani ndi ku damu. Ku komboni tinkawerengera koloboyi.

Kuti nkhani ya kuyeza imveke, ndiyenera kufotokoza zimene zili m'kati mwa chithankicho. Magetsi akamayenda ulendo wautali, ena amatayika m'njira ngati kutentha kwa waya, ndipo njira yochepetsera kutayikako ndi kuwakweza mphamvu. N'chifukwa chake amachoka ku Kariba pa mavolti 330,000. Mphamvu yotere singalowe m'pampu kapena m'babu, ndiye amaitsitsa pang'onopang'ono m'masiteshoni, kufika pa 33,000, kenaka 11,000, ndipo thiransifoma ya pa pulazi ndiyo imatsiriza, kutsitsa kuchoka pa 11,000 kufika pa 400. M'kati mwake muli chitsulo chopangidwa ndi timapale topyapyala tosanjikiza, ndipo pa chitsulocho akulungapo mipukutu iwiri ya waya wa kopa. Mipukutuyo sigundana. Magetsi akalowa mu woyamba amadzutsa mphamvu ya maginito m'chitsulo, ndipo mphamvuyo imadzutsa magetsi mu wachiwiri. Mpukutu wa mikombero yambiri umakhala ndi mavolti ambiri, wa mikombero yochepa mavolti ochepa. Michael Faraday anazindikira chinsinsi chimenechi mu 1831, ndipo mu 1885 amisiri atatu a kampani ya Ganz ku Budapest, Zipernowsky, Bláthy ndi Déri, anapanga thiransifoma yofanana ndi imene tikuidziwa lero. Mulibe gudumu, mulibe lamba, palibe chimene chimazungulira. Kung'ung'udza kuja ndi chitsulo chimene chikufutukuka ndi kunyala ka 100 pa sekondi iliyonse.

Chinthu chopanda gudumu chimafa bwanji? Yankho lake limadabwitsa ambiri: chimafa ndi pepala. Waya wa kopa uja amamukuta ndi pepala lolimba kuti mkombero wina usagunde unzake, ndipo zonsezo amazimiza m'mafuta. Mafutawo amagwira ntchito ziwiri, kuziziritsa ndi kutchinga magetsi kuti asalumphe. Mafuta akaipa mukhoza kuwasefa kapena kuthira ena. Pepala likakalamba palibe mmene mungalisinthire popanda kuphwasula thiransifoma yonse. Adani a pepalalo ndi kutentha ndi chinyontho, ndipo awiriwa amathandizana, chifukwa pepala likamapsa pang'onopang'ono limatulutsa madzi, madziwo n'kufulumizitsa kuwola kwake. Mu 1930 injiniya wa ku America, V. M. Montsinger, anaonetsa kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 8 okha, moyo wa pepala umadulidwa pakati. Malamulo a masiku ano amanena madigiri 6. Ndiye kuti thiransifoma imene ikanakhala zaka 40 ikhoza kutha m'zaka 20, kapena 10, kunja ikuoneka yabwinobwino, penti osasuluka n'komwe.

Pa pulazi yathu panali mathiransifoma awiri. Ya ku mabalani inali ya bungwe la magetsi, ndipo palibe wa ife ankaigwira. Ya ku damu anagula yekha mwini pulazi atakulitsa ulimi wothirira, choncho kuisamala kunali kwake. Kawiri pa chaka kunkabwera mmisiri wochokera m'tauni kudzaiyeza, ndipo womuthandiza anali bambo anga, amene ankagwira ntchito ku wekishopu. Sukulu anailekeza pa giredi 4, pa sukulu ya pa pulazi pomwepo, koma manambala ankawalemba bwino kuposa mmisiriyo, ndipo mapeto ake kope la thiransifoma linakhala m'manja mwawo. Linali kope wamba lachikuto cholimba, lothimbirira ndi girizi, lomangidwa ndi lamba wa chubu. Linkakhala pa shelefu pamwamba pa vayisi.

Chida chachikulu chinali Megger. Anachipanga Sydney Evershed ku England mu 1889, ndipo dzina lakuti Megger linalembetsedwa mu 1903. Mpaka lero amisiri timati kumega thiransifoma, ngakhale chidacho chikhale cha kampani ina. Ya nthawi imeneyo inali bokosi lokhala ndi chogwirira chopukusa ngati chigayo cha pamanja. Poyamba ankazimitsa magetsi, kuchotsa mafyuzi ndi ndodo yaitali, kulumikiza nthambo zonse ku nthaka kuti mphamvu yotsalira ithe, ndiye n'kumasula mawaya. Kenaka mmisiri ankamata waya wina wa Megger ku mpukutu ndipo wina ku thanki, bambo n'kuyamba kupukusa. Bokosilo linkakankha mavolti mazanamazana kupyola m'pepala ndi m'mafuta, ndipo muvi unkaonetsa kuchuluka kwa mmene pepalalo likukanira, m'manambala otchedwa megohm. Pepala louma limakana kwambiri, lonyowa limalola magetsi kudontha. Anali maulendo atatu: mpukutu waukulu ndi thanki, mpukutu waung'ono ndi thanki, ndiponso pakati pa mipukutu iwiriyo.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti pali nambala imodzi yoti ikakwana ndiye kuti zili bwino. Tsiku lina ndinafunsa kuti, "Bambo, nambala yabwino ndi iti?" Iwo anatsegula kope n'kundisonyeza mzere wa chaka chapitacho ndi wa dzana lake. "Ona apa, mwanawe. Funsa zimene inanena kale. Ikatsika pang'ono, ndi ukalamba. Ikagwa, mwalowa madzi." Patapita zaka zambiri ndinakapeza zomwezo m'mabuku a ku koleji, zitalembedwa m'Chingerezi chovuta. Mathiransifoma awiri ofanana, opangidwa tsiku limodzi, akhoza kupereka manambala osiyana kwambiri onse ali bwino. Komanso nambalayo imasintha ndi kutentha: mafuta akatentha ndi madigiri 10, imatsika pafupifupi ndi theka. Woyeza m'mawa wa mu Juni, chisanu chili pa udzu, ndi woyeza masana a mu Okutobala sangafanane, ndipo amene sanalembe kutentha kwa mafuta pambali pa nambala wangotaya nthawi yake. Bambo ankalemba tsiku, ola, kutentha, ndiponso ngati kunagwa mvula.

Pali muyeso wina wa Megger umene ndimaukonda chifukwa umafuna kudekha. Mumawerenga muvi pakatha mphindi imodzi, n'kuwerenganso pakatha mphindi 10. Pepala louma limapitiriza kukweza muvi pang'onopang'ono nthawi yonseyo, pamene lonyowa kapena lakuda limafika pamalo amodzi n'kuima. Masiku ano chidacho chili ndi batire, mumangodina batani n'kukhala pansi. Kale munthu ankapukusa ndi dzanja osasintha liwiro, ndipo mkono wopukusawo unali wa bambo anga. Mmisiri ankangoyang'ana wotchi.

Miyeso ina inali yofulumira. Ankalowetsa mavolti ochepa ku mpukutu waukulu n'kuona otuluka ku waung'ono. Chiwerengerocho chiyenera kugwirizana ndi cholembedwa pa chikwangwani cha thiransifoma, osasiyana kupitirira theka la 1 peresenti, ndipo chikasiyana ndiye kuti mikombero ina yagundana, m'kati muli shoti. Ankayezanso mmene waya wa kopa wa mafezi atatu akukanira magetsi n'kufanizira, chifukwa polumikizira pakakhwepa fezi imodzi imasiyana ndi zinzake. Ankatunga mafuta pang'ono m'botolo louma kukawayeza m'tauni, kumene amawathira m'kapu yokhala ndi tizitsulo tiwiri totalikirana mamilimita 2.5 n'kumakweza mavolti mpaka moto ulumphe. Mafuta abwino amapirira mavolti oposa 30,000. Ndipo pambali pa thanki panali kabotolo ka timiyala tabuluu toyamwa chinyontho cha mpweya umene thiransifoma imapuma ikamatentha ndi kuzizira. Timiyalato tikasanduka tofiirira, bambo ankatiyanika mu uvuni mpaka titabwerera mtundu wake.

Muyeso umene ndimauona kuti unkapulumutsa kwambiri ndi wa waya wolowa m'nthaka, amene amisiri timati ethi. Mphenzi za dziko lino si zamasewera. Mu Disembala 1975 mphenzi imodzi inapha anthu 21 m'nyumba imodzi kum'mawa kwa dziko lino, ndipo bungwe loona zanyengo pa dziko lonse limaiwerenga ngati imene inapha anthu ambiri kuposa ina iliyonse yowomba mwachindunji. Nthambo za 11,000 zoyenda m'minda yopanda mitengo zimakoka mphenzi, ndipo pamwamba pa thiransifoma pamakhala zida zoipatutsira pansi. Koma zidazo zimadalira nthaka kuti ilandire mphamvuyo, ndipo mchenga wouma wa ku Goromonzi, womwe uja wokondedwa ndi fodya, suilandira bwino. Mvula yoyamba imabwera ndi mphenzi nthaka isananyowe. N'chifukwa chake ulendo wachiwiri wa mmisiri unkakhala mu Okutobala, ndipo nambala ikakwera ankakhomera ndodo zina za kopa m'nthaka.

Mathiransifoma akuluakulu a m'masiteshoni ali ndi madokotala awo apadera. Max Buchholz anapanga mu 1921 kachida kamene kamakola mpweya wotuluka m'mafuta pakachitika vuto m'kati, n'kuliza belu kapena kuzimitsa magetsi. Mu 1974 Michel Duval wa ku Hydro-Québec, ku Canada, anapeza njira yodziwira mtundu wa vuto poyang'ana mitundu itatu ya mpweya wosungunuka m'mafuta, ngati mmene a kuchipatala amayezera magazi. Mu 1978 Dick ndi Erven a ku Ontario Hydro anafalitsa njira yotumiza timagetsi tating'ono ta liwiro losiyanasiyana m'mpukutu n'kujambula mmene ukuyankhira. Mpukutu ukasuntha kapena kupindika chifukwa cha shoti yaikulu, chithunzicho chimasintha. Makina ake ndi odula kwambiri, ndipo mainjiniya amawanyamula monyadira. Koma chithunzicho sichinena zambiri ngati mulibe china chimene munajambula thiransifomayo ili yabwino. Injiniya wa makina odulawo akafika pa siteshoni n'kupeza kuti zolemba zakale zinasowa, amakhala pa vuto lomwe lija la munthu wofika pa damu popanda kope.

Ufulu wa 1980 unasintha maina ndi mabungwe. Mu 1986 nthambi za magetsi za mizinda ndi Electricity Supply Commission zinaphatikizidwa kukhala ZESA, ndipo siteshoni ya malasha ya ku Hwange, imene inamangidwa m'zaka zomwezo, inawonjezera magetsi. Nthambo zinayamba kufika m'malo a malonda a kumidzi, m'sukulu ndi m'zipatala. Ku komboni zinthu zinasintha mochedwa. Antchito a m'mapulazi anali pa malo a munthu, osati a boma, ndipo magetsi ankabwera ngati mwini pulazi wafuna. Kwathu babu loyamba linayaka pa holo yomwera mowa. Ine ndinapita ku sukulu ya luso chifukwa mmisiri uja anauza bambo kuti mwana wofunsafunsayu asathere m'fodya.

Ndiye kunabwera chaka cha 2000. Sindili m'gulu la olira kuti malo akanakhalabe m'manja mwa azungu owerengeka. Mdzukulu wa munthu wa Ulere sangalire maliro amenewo. Malo anayenera kubwerera. Koma pogawa anawerenga mahekitala okha. Pulazi si dothi lokha, ndi mapampu, mapaipi, madamu, nthambo ndi anthu odziwa kuti vavu iti imatsegulidwa liti, ndipo ambiri mwa anthu amenewo anali ana ndi adzukulu a obwera. Antchito ambirimbiri anataya ntchito ndi pogona pomwe, ndipo ochepa okha ndi amene analandirako malo. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, kuti aliyense amene angakhale ndi ufulu wa unzika wa dziko lina aukane mwalamulo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Anthu obadwira pa pulazi, amene sanapondepo ku Malawi, anauzidwa kuti akakane dziko limene sakulidziwa, ndipo ambiri anatsala ndi zitupa zosonyeza kuti ndi alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndi amene anabwezera unzika kwa obadwira kuno amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC. Pofika nthawi imeneyo a komboni yathu anali atabalalika, ena ku Ruwa, ena ku Epworth, ena m'maenje a golide cha ku Arcturus. Bambo anachoka ndi katundu wa m'nyumba. Kope analisiya pa shelefu, chifukwa ankati ndi la thiransifoma, si lawo.

Taganizirani zimene zinachitikira mathiransifoma m'mapulazi ogawidwa. Imene anaiyezera pampu ziwiri ndi wekishopu inapezeka ikudyetsa mabanja ambiri, chigayo, makina owotcherera zitsulo ndi mbaula zophikira. Anthuwo sanalakwe kufuna magetsi. Anali atawayang'ana patali nthawi yaitali. Koma masamu ake sakambirana ndi munthu. Thiransifoma ya 100 kVA imapereka maampu pafupifupi 144 pa fezi iliyonse. Kutentha kwa waya kumakwera mofulumira kuposa katundu: mukawonjezera katundu ndi 20 peresenti, kutentha kotuluka m'mawaya kumawonjezeka ndi 44 peresenti. Komanso nyumba zimalumikizidwa ku fezi imodzi, ndipo olumikiza mwachisawawa amakonda waya amene ali pafupi, mapeto ake fezi imodzi imapsa zinzake ziwiri zikupuma. Zonsezi zimadziwika ndi kachida kooneka ngati pulayala kamene mumangokoleka pa waya magetsi akuyaka, ntchito ya mphindi zisanu madzulo anthu akuphika. Koma pa chinthu cha anthu ambiri, wokoleka ndani, ndipo alemba pati?

Kuzimazima kwa magetsi kunabweretsa mavuto ena awiri. Mu 2019 madera ambiri ankakhala maola ofika 18 pa tsiku opanda magetsi, ndipo mu Novembala 2022 a Zambezi River Authority analamula kuti siteshoni ya kum'mwera kwa Kariba iime chifukwa madzi opangira magetsi anali atatsala pang'ono kutheratu. Magetsi akabwera pakati pa usiku, chilichonse chimene chinasiyidwa chosazimitsa chimayaka nthawi imodzi, mapampu, mafiriji, magiza, ndipo thiransifoma imalandira katundu yense kamodzi. Vuto lachiwiri ndi akuba. Thiransifoma yoyaka imadziteteza yokha, chifukwa woikwera amafera pomwepo. Yozima ndi chithanki chabe chodzaza kopa ndi mafuta. Ena amaigwetsa n'kuing'amba. Ena amangoboola n'kukhetsa mafuta, ndipo magetsi akabwerera imayaka yopanda choziziritsa mpaka kupsa. Lamulo limati wopezeka wolakwa akakhale kundende zaka zosachepera 10, koma kubako sikunathe. Za mafutawo kumamveka mphekesera zoti ena amakazingira tchipisi. Ndimangouza anthu kuti mafuta a m'mathiransifoma ena akale ali ndi mankhwala oopsa otchedwa PCB, amene maiko anagwirizana ku Stockholm mu 2001 kuti athetsedwe.

Masiku ano kuli njira zoyezera thiransifoma osaizimitsa. Amamata kabokosi kamene kamawerenga mavolti ndi maampu a mafezi onse usana ndi usiku, kena kamamvanso kutentha kwa thanki ndi mlingo wa mafuta, n'kumatumiza manambalawo pa netiweki ya foni. Kompyuta imawerengera mmene m'kati mwa mpukutu mukutenthera ndi zaka zimene pepala lataya, potsatira lamulo lomwe lija la Montsinger. Poyeza mbali zonse ziwiri, yolowa ndi yotuluka, imathanso kuona ngati magetsi otayika m'kati ayamba kuchuluka kapena ngati chiwerengero cha mikombero chasintha. Wina akamasula waya usiku, uthenga umafika pa foni. Ndi kope lodzilemba lokha, ndipo ndimalisirira. Koma limapita kumene kuli ndalama. Ku Goromonzi komweko kuli mgodi wa lithium wa Arcadia, umene kampani ya ku China ya Huayou Cobalt inagula mu 2022 pa madola 422 miliyoni ndi kutsegula fakitale yake mu 2023. Malo ngati amenewo sangalole thiransifoma kufa mosayembekezeka, chifukwa ola limodzi loima ndi lodula kuposa zida zonse zoyezera. Thiransifoma ya pa polo, m'maiko ambiri ngakhale olemera, amangoisiya igwire ntchito mpaka itafa, n'kuika ina, poti kuiyeza kawirikawiri kumadya ndalama zoposa mtengo wake. Nzeru imeneyo ndi yabwino kumene ina imabwera mawa lake. Kumene anthu amadikira miyezi, tirigu akuuma m'munda, si nzeru.

Chaka chatha azakhali anga, amene anakwatiwa m'banja lina limene linalandira malo m'dera lomwelo, ananditumira uthenga kuti thiransifoma yawo inapsa ndipo alimi asonkha ndalama zogulira ina. Anali atapeza yogwiritsidwa kale ntchito kwa wogulitsa wina m'tauni, yopentedwa bwino, ndipo ankafuna kulipira tsiku lomwelo. Ndinawapempha kuti, "Azakhali, ndalamazo musapereke kaye, ndibwere ndi zida." Wogulitsayo analibe pepala lililonse losonyeza kumene inachokera kapena zimene inanena poyezedwa kale. Megger inaonetsa nambala yotsika ndipo muvi sunakwere pakati pa mphindi imodzi ndi mphindi 10. Mafuta ake anali oyera mbee, atsopano, chizindikiro chakuti wina anathira dzulodzulo pamwamba pa pepala lonyowa. Tinaisiya. Yachiwiri, kwa wogulitsa wina, inali yosaoneka bwino kunja, koma mafezi ake atatu anali ofanana, chiwerengero cha mikombero chinagwirizana ndi chikwangwani, ndipo muvi unkakwerabe pamene ndinkazimitsa chida. Imeneyo ndi imene anagula, atatsata njira zonse zoti ilumikizidwe mwalamulo.

Itakwezedwa pa mapolo tinagawa nyumba mofanana pa mafezi atatu, tinakhomera ndodo zina ziwiri m'nthaka, ndipo alimiwo anagwirizana kuti chigayo ndi pampu yaikulu zisamayake nthawi imodzi madzulo. Anawotcherera khola lachitsulo kuzungulira thanki ndi kuika anyamata olondera mosinthana masiku amene magetsi azima. Mwana wa azakhali, amene ali fomu 3, ndinamuphunzitsa kukoleka kachida ka maampu pa mawaya a m'bokosi la pansi, ataima pa mphira, ndipo amachita zimenezi Lachisanu lililonse dzuwa likamalowa. Manambala anga oyamba ndinawalemba pa tsamba loyamba la kope la masamba 96 limene anagula pa golosale, pamodzi ndi tsiku, ola ndi kutentha kwa mafuta. Kopelo limakhala ku chigayo, m'pepala la pulasitiki kuopa ufa, ndipo ndinalonjeza kudzayezanso ethi mu Okutobala, mvula isanayambe.